Kamzere Kakuda Pamaso pa a Oddvar

Foni ya Torunn Eikeland inalira iye ali ndi buledi m'kamwa, m'kachipinda kamene madokotala a matenda a khungu ankadyeramo nkhomaliro. Ataona kuti woimbayo ndi mkonzi wa magazini ya madokotala, anameza osatafuna, tchizi chofiirira cha pabulediyo n'kumukakamira kukhosi.

"Torunn? Ndine Gunvor, kuno ku magazini. Nkhani yanu ija yatsala pang'ono kupita kosindikiza, koma ndili ndi kafunso. Chithunzi cha nkhope chili patsamba loyambali, mwiniwake anachiona?"

"Anavomera kuti timujambule," anatero Torunn uku akutsokomola.

"Sindinafunse zojambula ine. Ndafunsa ngati anaona chithunzichi pamodzi ndi nkhani yake, mmene zidzaonekere zikasindikizidwa, n'kunena yekha kuti inde."

"Komatu tinamuphimba maso."

Gunvor anapumira m'mwamba, kupuma kwa munthu amene yankho limenelo analimva mpaka kutopa nalo. "Kamzere kakuda kameneka? Mayi, mwamuna wanga mutamuika kamzere kotere mukuganiza kuti ndingamusowe? Ameneyo ndingamudziwe ndi makutu okha."

"Koma munthuyo anamwalira."

"Ndiye achibale ake aione. A Halvard anatiuza kuti chilolezo chilipo, koma dzina loyamba pa nkhaniyi ndi lanu, ndipo ine ndimafunsa woyamba. Mundiyankhe kumayambiriro kwa sabata yamawa. Mukapanda kutero ndiichotsa."

Foni inaduka. Torunn anatsala atagwira buledi wake, njala yonse itabalalika.

Munthu wa pachithunziyo anali a Oddvar Skjelstad, mmisiri wokhoma maboti wa pachilumba china chapafupi. Anabwera kuchipatala chifukwa cha tiziphuphu toyera, tolimba, timene tinadzaza m'mbali mwa mphuno ndi m'masaya mwawo. Sitinkayabwa, sitinkapweteka, ndipo madokotala ena onse ankangotiyang'ana n'kuwauza kuti ndi ukalamba. Torunn yekha ndiye anafunsa zambiri, mpaka anamva kuti phapo lawo linaphwapo kawiri ngati chubu cha njinga. Apo m'pamene anazindikira. Analipo matenda osowa, a m'magazi, amene amayamba ndi tiziphuphu totere koma mathero ake amakhala khansa ya impso. Atawaunika anapeza kuti khansayo yafika kale patali. A Oddvar anamwalira kumapeto kwa nyengo yozizira, chipale chofewa chikuyamba kusungunuka.

Tisamunamizire Torunn, nkhaniyo anailemba ndi mtima wabwino. Ankafuna kuti dokotala wina akadzaona tiziphuphu totere asadzanene za ukalamba. Komanso, tisabise, inali nkhani yake yoyamba imene dzina lake linali kutsogolo, ndipo ankaiwerenga mobwerezabwereza ngati munthu amene wangogula nsapato zatsopano n'kumaziyang'ana poyenda.

Tsiku lojambula analikumbukira bwino. A Oddvar anakhala pampando chowongoka n'kunena kuti, "Jambulani, adokotala, koma mundiphimbe maso ngati chigawenga cha m'nyuzipepala." Onse anaseka. Koma Torunn atawauza kuti matendawa amatha kupita kwa ana, ndipo mwana wawo ayenera kudziwa kuti akayezedwe, nkhalambayo inasiya kuseka. "Ingunn ndimuuza ndekha," anatero. "Nkhani za m'nyumba mwanga zisatuluke pakamwa pa mlendo." Torunn anavomera, chifukwa dokotala saulula za wodwala mwiniwake atakana. Kenako odwala anachuluka, miyezi inapita, ndipo sanafunsenso ngati anamuuzadi.

Anasiya bulediyo patebulo n'kupita kwa a Halvard Brekke, mkulu wa madokotala a khungu, amene dzina lawo linkakhala kumapeto kwa nkhani iliyonse yochokera m'chipatalamo, kaya aiwerenga kaya ayi. Linali Lachisanu, ndipo anawapeza atabereka kale chikwama, akuthamangira ku kanyumba kawo ka kumapiri.

"A Halvard, munawauza a ku magazini kuti chilolezo cha chithunzi chija chilipo?"

"Eya, nanga palibe? Munthuyo anakhala yekha pampando. Unachita kumumanga?"

"Akuti zimenezo sizikwanira. Akufuna kuti achibale aone nkhani yonse."

A Halvard anaseka chikhakhali. "Gunvor ameneyo! Tamvera, Torunn. Ine ndinayamba kuphimba anthu maso iwe usanabadwe. Mabuku onse ali pashelefuwa ndi nkhope zokhazokha za timizere takuda. Palibe wakufa amene anadzukapo kudzatidandaula. Umuyankhe kuti inde, nkhani ituluke, tidye keke."

"Nanga mwana wawo akaiona?"

"Aiona kuti? Anthu amawerenga magazini imeneyi ndi ife tomwe, ndipo ifenso timangoyang'ana mayina athu." Anamusisita paphewa. "Usadzidwalitse mutu. Ukayamba kugogoda m'makomo mwa anthu olira maliro, ukawatsegula zilonda pachabe. Tionana Lolemba."

Anatuluka akuimba mluzu. A Halvard sanali munthu woipa, ndipo zimenezi n'zimene zinamusautsa kwambiri Torunn. Akanakhala oipa akanadziwa chochita nawo.

Anabwerera mu ofesi yake n'kutsegula chithunzicho pakompyuta. Nthawi zonse ankangoyang'ana tiziphuphu, monga amachitira madokotala, amene ukawaonetsa munthu amaona nthenda yokha. Tsopano anayang'ana munthuyo. Kamzere kakuda kanali pomwepo, kuchoka kukhutu kufika kukhutu. Pansi pake panali mphuno yopindika ya a Oddvar, ndevu zawo zometa mwaulesi, ndi khosi la juzi yoluka ndi manja, yotuwa, yokhala ndi timaboti tofiira tozungulira. Juzi imeneyo nkhalamba ija inkainyadira. Inamuuza kuti amene anailuka ndi Ingunn, mwana wake mmodzi yekhayo, amene ndi namwino pa kachipatala ka pachilumbapo.

Namwino. Pa kachipatala kalikonse m'dziko muno magazini imeneyi imakhala patebulo la m'chipinda chomwera khofi, anthu n'kumaikapo makapu.

Anatsika ndi maso mpaka kumapeto kwa nkhaniyo, pa chiganizo chimene analemba yekha n'kuchikonda chifukwa chinali chachifupi: *Wodwalayo anasiya mwana wamkazi mmodzi, amene sanayezedwe.* Ngati a Oddvar anamwalira osanena kanthu, ndiye kuti Ingunn adzamva zoti mwina ali ndi matenda opha kuchokera m'magazini, pa nthawi ya khofi, anzake akumuyang'ana.

Loweruka m'mawa anakwera sitima yowolokera pachilumbapo, nkhaniyo ataipinda m'thumba la jekete. Mvula inkawaza mwamphepo. Anagula khofi koma sanamwe. Njira yonse ankangodzikambira m'mutu. Mwina nkhalamba ija inasunga mawu ake, Ingunn anayezedwa kale kwina, ndipo ulendowu ukhala wa khofi ndi kupepesa maliro basi. Koma ngati sinanene? Ndiye kuti iye, mlendo yemwe uja, akupita kukatulutsa zimene mwiniwake anakana kuti zituluke pakamwa pa mlendo. Akanatha kungoimbira Gunvor kuti nkhaniyo ichotsedwe, osavutitsa munthu. Koma kuchotsa nkhani sikuchotsa matenda m'thupi la Ingunn. Akanathanso kuchita za a Halvard. Maganizo amenewo atamubwerera anachita nawo manyazi, komabe anabwera kangapo, sitima isanakocheze.

Nyumba ya Ingunn inali yachikasu, kumtunda kwa doko. Torunn anali atamuimbira foni kuti ndi dokotala wa malemu bambo ake ndipo ali ndi kankhani, choncho atagogoda chitseko chinatseguka msanga.

"Inu ndinu dokotala wa tiziphuphu uja!" anatero mayi wamtali, wa tsitsi lomanga kumbuyo. "Bambo ankati mumawayang'ana mphuno ngati mukufuna kuigula. Lowani, mwanyowa."

Kuwala kwa panja kunagwera pankhope ya Ingunn chammbali, ndipo diso la dokotala wa khungu silipempha chilolezo. M'mbali mwa mphuno, pansi pa paudala wopakidwa mosamala, tinalipo. Tating'ono, toyera, tochepa, koma tinalipo. Torunn anawerama kuvula nsapato kuti abise nkhope yake, ndipo pansipo anaona tijombo ta ana tiwiritiwiri, tina tobiriwira, tina ta maluwa.

"Ana apita kumpira ndi bambo awo," anatero Ingunn. "Mwachita mwayi, mukanamva phokoso lokhalokha. Khofi mumamwa wakuda?"

Anakhala kukhitchini, pafupi ndi windo loyang'ana kudoko. Ingunn anaika makeke patebulo n'kuyamba kusimba za bambo ake, mmene anakanira kugona m'chipatala, mmene anatukwanira m'busa mwaulemu, ndi boti limene analisiya osamaliza kukhoma. Ankalankhula mwamsanga, ngati munthu amene wapeza womumvera watsopano. Torunn ankangogwedeza mutu, kapu ili m'manja, akudikira mawu amodzi okha osonyeza kuti mayiyu akudziwa.

"Anakuuzani chiyani za matenda awo?" anafunsa Torunn pomaliza.

"Khansa ya impso. Ankati ndi tsoka basi, limagwera aliyense." Ingunn anatukula mapewa. "Bambo sankakonda za zipatala. Ine mwana wawo namwino, koma mapepala awo sanandionetsepo ngakhale limodzi. Bwanji?"

Chiyembekezo chonse chimene Torunn anawoloka nacho chinathera pomwepo. Anaika kapu pansi.

"Ndinalemba nkhani ya matenda awo, yoti ituluke m'magazini ya madokotala. Muli chithunzi chawo. Singatuluke inu musanaione n'kuvomera." Anatulutsa mapepala aja koma sanawatambasule, anawapsinja ndi dzanja patebulo. "Koma ndikuuzeni kaye. M'nkhanimu muli zinthu zokhudza inuyo, osati bambo anu okha. Mukaziwerenga simudzathanso kukhala ngati simunaziwerenge. Muli ndi ufulu wokana. Mukakana ndibwerera nazo, ndipo sizidzatuluka."

Ingunn anamuyang'anitsitsa. Anali namwino, ndipo kalankhulidwe kameneka ankakadziwa. Ndi kamene iyenso ankalankhulira kwa odwala asanawauze zoipa.

"Bambo ankadziwa zimenezi?"

"Ankadziwa. Anati akuuzani okha."

"Ndiye patseni."

Torunn anachotsa dzanja. Ingunn anatambasula mapepalawo, ndipo ataona chithunzicho anatulutsa kamawu kakang'ono, ngati wapondedwa chala.

"Juzi iyi ndinaluka ine," anatero. "Taonani kaboti aka, kali chozondoka. Ndinalakwitsa, ndinkafuna kumasula, iwo anakana. Ankati boti limodzi liyenera kumira kuti ena aphunzire kukhoma." Anaseka pang'ono, misozi ili lengelenge. Kenako anaika chala pa kamzere kakuda kaja. "Nanga aka n'ka chiyani?"

"Timaika kuti munthu asadziwike."

"Asadziwike kwa ndani? Pachilumba pano ngakhale galu angakuuzeni kuti awa ndi a Oddvar." Anapukusa mutu. "Mwasiya mphuno, mwasiya ndevu, mwasiya juzi yanga. Mwabisa maso okha. Maso ndiwo anali abwinobwino, adokotala. Sanadwalepo amenewo."

Foni inanjenjemera m'thumba la Torunn. Anasuzumira n'kuona kuti ndi a Halvard, atumiza chithunzi cha moto wa m'kanyumba kawo ndi mawu akuti asaiwale kumuyankha Gunvor. Anaizimitsa.

Ingunn anayamba kuwerenga. Ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Torunn ankadziwa pamene chalacho chafika popanda kuona. Apa ndi pa tiziphuphu. Apa ndi pa phapo. Apa ndi pamene akuti matendawa amayenda m'magazi, ndipo mwana aliyense wa wodwala akhoza kuwatenga kapena ayi, ngati kuponya ndalama m'mwamba. Pamenepo dzanja lina la Ingunn linanyamuka lokha n'kukakhudza m'mbali mwa mphuno yake. Silinachokeponso.

Chala chija chinatsika mpaka kumapeto, n'kuima.

"*Wodwalayo anasiya mwana wamkazi mmodzi, amene sanayezedwe*," anawerenga mokweza. "Mwana wamkazi ameneyu ndine."

"Inde."

"Analemba mawu awa ndani?"

Mayina pa nkhaniyo analipo angapo, ndipo lomaliza linali la munthu wamkulu amene akanatha kusenza chilichonse osamva kulemera. Torunn anawaona mayinawo pamwamba pa tsamba, atazondoka kuchokera pamene anakhala.

"Ndine," anatero.

"Ndiye kuti munkadziwa kuti sindinayezedwe."

"Ndinkaganiza kuti mwina... Ayi. Sindinafunse. Ndinalemba zimene zinali m'mapepala a bambo anu, ndipo sindinafunse."

"Munakhala pansi n'kulembera madokotala a dziko lonse kuti kwinakwake kuli mayi amene sanayezedwe. Kuwoloka kudzamuuza mayiyo ndiye kunakuvutani." Ingunn sankakuwa. Akanakuwa zikanapepukako. "Magazini imeneyi imabwera kuntchito kwathu. Dokotala wathu amaiwerenga akudya, ndipo akapeza chithunzi chodabwitsa amatiyendetsera tonse. Akanaona juzi iyi, n'kuwerenga apa, kenako n'kudzutsa mutu kundiyang'ana mphuno. Ine ndili pomwepo ndikuthira khofi, osadziwa kanthu."

"Pepani," anatero Torunn. Mawuwo anamveka opepuka moti anachita nawo manyazi.

Ingunn anadzuka n'kukaima pawindo, atamufulatira. Anayang'ana kudoko, kumene boti losamalizidwa lija linali litafunditsidwa lona. Mapewa ake ankagwedezeka.

"Nkhalamba yamakani," ananong'ona. "Ankabwera kuno Lamlungu lililonse kudzadya. Ankandiyang'anitsitsa nkhope, ine n'kumati akundisirira. Tsiku lina anandifunsa kuti paudala ameneyu ndimapakiranji. Ndinawayankha kuti asalowerere za akazi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ankafuna kunena tsiku limenelo. Ndikudziwa tsopano."

Kenako anatembenuka, maso ake n'kudumpha Torunn kukafika pakhomo, pa tijombo tija.

"Nanga ana?"

"Ngati inu mulibe, iwonso alibe. Ngati muli nawo, tidzawayeza akakula. Koma tamverani, Ingunn, bambo anu tinawapeza mochedwa. Munthu akadziwika msanga timamuunika impso kawirikawiri, ndipo chikayamba chilichonse timachipeza chikadali chaching'ono. Anthu amakalamba nawo matendawa."

"Zimenezo bwanji simunaziike poyamba penipeni m'nkhani yanuyi?"

Torunn ankadziwa chifukwa chake: nkhaniyo sanalembere anthu ngati Ingunn.

Ingunn anapinda mapepala aja n'kuwaika pamwamba pa firiji, kumene ana sangafikire. "Za magazini yanuyo sindikuyankhani lero. Mwina sabata yamawa, mwina chaka chamawa, mwinanso sindidzayankha. Amene akudikirawo adikire."

"Ndiwauza kuti aichotse."

"Auzeni." Anatenga kansalu, anakanyowetsa pampopi, n'kuyamba kupukuta paudala uja, mwamphamvu, mpaka masaya anafiira. Tiziphuphu tija tinaonekera bwino tsopano, ndipo tinali tochuluka kuposa mmene Torunn anaonera pakhomo. Ingunn anakokera mpando pawindo n'kukhala chowongoka, ndendende mmene anakhalira bambo ake tsiku lojambula lija.

"Munalemba kuti sindinayezedwe. Yambani pompano. Ana abwera posachedwa, ndipo ndikufuna kudziwa nkhope imene ndiwalandire nayo."

"Zenizeni tidzazidziwa tikayeza magazi. Apa ndingangoona khungu basi."

"Onani khungulo. Bambo munawadziwa ndi khungu lomweli."

Torunn anasamba m'manja pasinki, pakati pa mbale za kadzutsa wa ana. M'thumba la jekete munali kagalasi kake kokuza zinthu, kokhala ndi kanyali, kamene sankayenda osatenga. Anakatulutsa, anakayatsa, n'kuwerama. Anatsamiritsa chala chimodzi patsaya la Ingunn. Tsayalo linali lozizira ndi madzi aja.

"Tsinzinani," anatero mwachizolowezi. "Kanyalika kamathobwa m'maso."

"Ayi," anatero Ingunn. "Anga musawaphimbe."

Torunn anayandikitsa kagalasi kaja pamphuno, ndipo nthawi yonse imene ankaunika, maso a Ingunn anali pa iye.